Diso la woswa miyala ku Kanyama

Komboni ya Kanyama yakhala pa thanthwe. Dothi lake n'lochepa. Ukangokumba pang'ono khasu lalira kale pa mwala wa laimu, mtundu womwe uja umene fakitale ya ku Chilanga inapangira simenti yomangira damu la Kariba m'zaka za m'ma 1950. Mvula yakhala ikuusungunula mwalawu pang'onopang'ono, n'kusiya mano osongoka, ming'alu ndi mphako. Madzi apansi nawo ali pafupi, n'chifukwa chake komboniyi imasefukira, monga zinachitikira moopsa mu 1978.

Wodutsa amangoona pomupunthwitsa. Woswa miyala amayamba walizungulira thanthwelo, kuligogoda apa ndi apo, khutu lili tcheru: pamene palira mogonthera ndiye kuti mkati muli mng'alu. Pamenepo amaunjikapo matayala akutha n'kuyatsa. Utsi wake ndi woipa, ndipo palibe angauyamikire, makamaka amene akhala kumene mphepo ikulowera. Koma taonani kuleza kwake: sathamangira nyundo mwala ukadali wamoto. Amadikira kutentha kumalize ntchito, kenako alowetse chitsulo mumng'alumo, akankhe, chigamphu chonse chigwe chokha.

Luso lenileni lili kwa amayi amene amaphwanya zigamphuzo atakhala pansi, miyendo atatambasula, chitenje chitaphimba mphuno. Mwala waukulu wosalala ndiwo poswera. Dzanja lamanzere limatembenuza chibenthu kufuna mbali yofooka, lamanja limatsitsa nyundo, ndipo mphamvu imachokera padzanja pomwepo, osati paphewa. Womenya ndi phewa dzuwa lisanafike pamutu watheratu. Wozolowera amamenya kamodzi, mwina kawiri. Wophunzira amamenya kasanu, mwala n'kusanduka fumbi lokhalokha, china n'kuthawira m'diso.

Sefa alibe, komabe milu yawo imasiyana bwinobwino ngati nyemba ndi nzama pamsika: miyala ikuluikulu ya maziko payokha, yapakati ya konkire ya silabu payokha, timiyala tating'ono ndi fumbi la oumba mabuloko pambali. Diso ndilo limayeza, dzanja n'kuponyera kumulu woyenera mayiyo akucheza ndi mnzake, osayang'anako n'komwe.

Mmisiri womanga akabwera ndi wilibala sataya nthawi ndi mafunso. Amapisa dzanja pakati pa mulu, osati pamwamba, kuona ngati mwabisala dothi kapena zibenthu zopyapyala zimene zimafooketsa konkire. Akapeza miyala yofanana, ya makona akuthwa ogwira simenti, m'pamene amati, "Amayi, wilibala ndi zingati?"