Big Brother saopsa munthu ku Kabushi

Amene amatinyengerera kuti tisamukire ku Signal ali ndi mfundo zoona, koma nthano imene amatiopsezera nayo ndi yobwereka. Akangotsegula pakamwa amachula buku la George Orwell, 1984, ndi Big Brother wake, wolamulira amene diso lake silicoka pa munthu aliyense. Ndiye amadikira kuti tinjenjemere. Amaiwala kuti ambiri kuno ku Copperbelt dzinali tinayamba kulimva pa TV. Mu 2003 Cherise Makubale wa ku Kitwe anakhala miyezi yoposa itatu m'nyumba yodzaza makamera ku Johannesburg, n'kutulukamo ndi madola 100,000. Kuonedwa ndi Big Brother kunali mwayi, ndipo tinaululuta.

Signal payokha ilibe mlandu. Imayendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu, ndipo sisunga mbiri ya amene mumaceza nao. WhatsApp imabisa mau anu ndi luso lomwelo la Signal, koma kampani ya Meta imadziwabe nambala zimene mumatumizirana nazo mauthenga. Vuto ndi lakuti bando yochipa imene mnyamata wa ku Kabushi amagula ndi ya WhatsApp ndi Facebook, ndipo gulu la maliro, la cilimba ndi la kwaya onse ali komweko. Asamuke yekha, akaceze ndi ndani?

Asanene kuti a m'komboni safuna kuphunzira. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zitatsekedwa, acinyamata anaphunzitsana VPN dzuwa lisanalowe, popanda wekishopu ya ku hotela.

Diso limene timaopa lili pafupi. Ndi la app ya kaloba imene, isanakubwerekeni ndalama, imapempha kuona manambala onse a m'foni mwanu. Mukacedwa kubweza, uthenga wa nkhongole yanu umafika kwa apongozi, kwa abusa, ngakhale kwa mtsikana amene mukumufunsira. Ndi la mnzanu amene anabwereka foni kuti aimbe kamodzi, n'kuyamba kupenya zithunzi. Nkhani zimenezi sindiziona m'mauthenga a olimbikitsa cinsinsi, ndipo alembi athu a ndakatulo ndi masewero nawonso amazilambalala. Munthu amene apongozi ake anamva za nkhongole yake safunika Orwell kuti akane app ikamupempha manambala.