Kuseka Kothera M'misozi

Kum'mwera kwa dziko la India kuli chigawo cha Karnataka, kumene anthu amalankhula chinenero cha Kannada. Makanema awo ambiri amakonzedwa mumzinda wa Bengaluru, ndipo pakati pa makanemawo pali ena a chikondi osakaniza ndi nthabwala. Tikawayang'anitsitsa amenewa, timapezamo funso limene sitingalilumphe.

Poyamba nthabwala zinkathera pa ukwati. Mu Ganeshana Maduve, kanema wa 1990, Anant Nag anasewera ngati mnyamata wokhala m'nyumba ya lendi, amene amakangana kosalekeza ndi mwana wamkazi wa mwini nyumbayo. Sadziwa kuti mtsikana yemweyo ndiye woimba wa pa wailesi amene mawu ake anamugwira mtima. Chinsinsi chitaululika, mkangano usanduka ukwati, ndipo oonerera abwerera kwawo akuseka.

Mu 2006 Yogaraj Bhat anatulutsa Mungaru Male, dzina lonena za mvula yoyamba ya dzinja. Preetham, amene anaseweredwa ndi Ganesh, ndi mnyamata wamacheza, woyenda ndi kalulu wotchedwa Devadas. Akonda Nandini, koma atafika ku Madikeri pamodzi ndi amayi ake kudzaonerera ukwati, apeza kuti mkwatibwi ndi Nandini yemweyo, ndipo mkwati ndi msilikali amene anapulumutsa moyo wa atate ake a mtsikanayo. Nandini atayamba kumukonda, Preetham adzionetsa dala ngati munthu wachabe kuti ukwati usasokonezeke. Kalulu uja afa, mvula ikugwabe. Anthu anakhamukira kanemayu kwa chaka chathunthu m'nyumba ina yoonetsera makanema ku Bengaluru.

Apa tiyenera kuyamika. Makanema otere amadziwa kuti chikondi chenicheni chili ndi mtengo wake, ndi kuti munthu woseka kwambiri kawirikawiri amabisa chilonda. Nthabwala zimatsegula mtima wa woonerera, kotero kuti chisoni chikafika chimapeza khomo lili pululu.

Komabe tifunse: kodi mtengowo amalipira ndani? Preetham timamutama chifukwa cha kudzimana kwake, koma Nandini sanafunsidwe maganizo. Ananamizidwa, nalowa m'banja atanyamula bodza limene mwamuna anaona kuti n'lomuyenera. Mu Kirik Party, kanema wa Rishab Shetty wa 2016, Saanvi afa nkhani ili pakati, ndipo imfa yake ikhala phunziro lokhwimitsa Karna, mnyamata wopulupudza wa pa koleji. Mu Love Mocktail wa 2020, Nidhi amwalira ndi khansa, ndipo ife titsala tikumvera chisoni mwamuna wake Adi. Katatu konse mkazi ndiye wovutika kapena wotayika, koma misozi imene kanema amaiyandikira ndi ya mwamuna.

Tsono sitikunena kuti kanema aliyense athere pa phwando. Imfa ndi kulekana zilipo m'moyo, ndipo wolemba ali ndi ufulu wozionetsa. Chimene tikupempha n'chakuti mkazi asakhale ngati makwerero okwerapo mnzake popita ku uchikulire. Mtsikana wa mu Ganeshana Maduve anali ndi pakamwa pake: ankayankha, ankakana, ankabwezera nthabwala. M'makanema otsatirawo zithunzi zinakongola ndipo nyimbo zinakoma, koma mawu a mkazi pa tsogolo lake anachepa. Ife oonerera, pamene tikupukuta misozi chifukwa cha Preetham, tikumbukirenso Nandini, amene anatsala ku Madikeri osauzidwa choonadi.