Kapamfleti ka mayankho: kodi katiphunzitsa kuwerenga?

Pamene nyengo ya mayeso iyandikira, m'cikwama ca pafupifupi mwana aliyense wa Giredi 12 mupezamo kabuku kothaitha kamene tonse tikacha kuti pamfleti. Ena agula pa mathebulo a ogulitsa mabuku akale kumsika, ena acita fotokope kwa anzao, ndipo ambiri masiku ano alandira pa WhatsApp ndi kumawerengera pa foni. M'kati mwake muli mapepala a mayeso a zaka zapita, kumapeto kuli mayankho. Ine ndakhala ndi timapamfleti titatu ta Cizungu kwa miyezi ingapo, cifukwa Loweruka lirilonse masana ndithandiza ana a sukulu m'holo ya mpingo wathu. Lero ndifuna kukuuzani cimene ndapeza m'timabuku timeneti, makamaka pa gawo la comprehension, pamene wophunzira apatsidwa nkhani kuti awerenge ndi kuyankha mafunso.

Coyamba tisanamizane, nkhaniyi ndi yaikulu. Bungwe la Examinations Council of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1983, silipereka School Certificate kwa munthu amene walephera Cizungu, ngakhale atakhoza Masamu ndi Sayansi motani. Ndipo makoleji ambiri ndi mayunivesite afuna kirediti m'phunziro limeneli, ndiye kuti giredi 6 kapena yoposa pamenepo. Dongosolo latsopano la maphunziro limene linayamba mu 2025 labwezera maina a Fomu m'malo mwa Giredi ku sekondale, koma kusintha dzina la kalasi sikucotsa nkhani ya Cizungu pa desiki ya mayeso. Tsono amene agula pamfleti sali wopusa ai. Ali ndi mantha oyenera.

Ndipo kabukuka kali ndi ubwino wake umene sindingaukane. Ndi kochipa. Kaonetsa wophunzira m'mene pepala laciwiri la Cizungu lionekera, kuti muli kusintha ziganizo, muli comprehension, muli summary. Munthu amene waona mapepala asanu akale sanjenjemera pamene woyang'anira mayeso anena kuti tsegulani. Kucokera mu 2022 pamene maphunziro aulere anayamba, makalasi ambiri adzaza kotero kuti mphunzitsi sangathe kuconga kope la mwana aliyense sabata iriyonse, ndipo pamfleti yakhala mphunzitsi waciwiri wa ana ambiri. Ubwino wake uthera pamenepa.

Vuto lake lalikulu liri ku tsamba lomaliza. Mayankho alembedwa motere: 1 B, 2 D, 3 A, basi. Palibe mzere ndi umodzi womwe wonena cifukwa cake B ali wolondola ndi cifukwa cake C ali msampha. Mtsikana wina wa m'gulu lathu anabwera tsiku lina akusangalala kuti wapeza zonse pa nkhani ina. Ndinatseka pamfleti ndi kumufunsa m'Cinyanja kuti, kodi nkhaniyo inali kukamba za ciani? Anakhala cete. Anali atayankha nkhani imodzimodziyo katatu, ndipo mutu wake unasunga zilembo za mayankho monga m'mene tisungira nambala ya foni. Sindinamuseke, pakuti inenso ndinali kucita zomwezo ndiri ku sekondale. Koma kumbukirani kuti nkhani imene mwaloweza siyembekezeka kukudikirani m'cipinda ca mayeso. Mudzapeza ina imene simunaionepo, ndipo pamenepo B ndi D wa caka catha sadzakuthandizani.

Kuwonjezera apo, mayankho ena ndi olakwika. Olemba timabuku tambiri sadziwika, dzina palibe, ndipo amene anataipa analumpha mau ena. M'kamodzi ka timapamfleti tanga muli funso lonena za ndime yacisanu ndi cimodzi pamene nkhaniyo yathera pa ndime yacisanu, cifukwa makina a fotokope anadula pansi pa tsamba. Mwana wodzicepetsa akaona kuti yankho lake lasiyana ndi la m'buku, aganiza kuti wolakwa ndiye, nasiya nzeru yabwino imene anali nayo.

Koma cimene cindivuta koposa ndi uphungu umene timabuku timeneti tipereka pa tsamba loyamba, ndipo ndamva ngakhale akulu ena akuubwereza: werengani mafunso coyamba, pezani liu lofunika, ndipo mulifunefune m'nkhani. Uku ndi kusaka mbewa poyang'ana una wokha osaona ngati muli mapazi. Anthu amene akonza mayeso adziwa bwino kuti ana acita zimenezi, motero yankho limene libwereza mau enieni a m'nkhani kawirikawiri ndilo nyambo. Taonani citsanzo cimene ndinapeka ndekha ndi kulemba pa bolodi: "The boy had hardly reached the river when the rain started." Ndinafunsa kuti cinacitika n'ciani. Ambiri anasankha kuti mnyamatayo anavutika kwambiri kuti afike kumtsinje, cifukwa anaona "hardly" nakumbukira "hard". Koma ciganizoci citanthauza kuti atangofika kumtsinje mvula inayamba. Za kuvutika mulibemo. Liu limene anali kusaka analipeza, koma tanthauzo linawapita pambali.

Timau totere ndito tigwetsa anthu, osati mau atali-atali amene pamfleti yaandandika ku masamba a pakati kuti muwaloweze. "Few farmers sold their maize" ndi "A few farmers sold their maize" zisiyana ndi kacilembo kamodzi, koma coyamba cidandaula kuti ogulitsa anali ocepa zedi, pamene caciwiri cingoti analipo ena amene anagulitsa. Liu lakuti "although" likucenjezani kuti mfundo yeniyeni ya wolemba ikali kubwera kutsogolo. Lakuti "unless" libisa kukana m'kati mwake. Munthu amene athamangira liu lalikulu alumpha timau timeneti monga alumpha miyala ya m'njira, cikhalireco ndito tanyamula ganizo lonse.

Pali cinthu cina cimene sindinacipeze m'pamfleti iriyonse, ndipo ndico cinanditsegula maso pamene ndinali ku koleji. Cinyanja cathu cimatilera bwino kwambiri. Tikati, "Amai anamanga mbuzi ku mtengo cifukwa unali wolimba," palibe amene afunsa kuti wolimba ndani, pakuti "unali" aloza mtengo. Tikati "cifukwa inali yamphamvu," tonse tidziwa kuti ndi mbuzi. Mneni aliyense anyamula cizindikiro ca mwini wake. Tsopano Cizungu cingoti "because it was strong," ndipo "it" ameneyo angakhale mbuzi kapena mtengo. Wowerenga ayenera kubwerera m'mbuyo ndi kuganiza yekha. Ndico cifukwa cake funso lakuti liu ili "it" kapena "they" liimira ciani limaoneka lacibwana koma limadya mamaliki. Mbali ina, ife tinena "iye" kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe, motero diso lathu silinazolowere kuima pa "he" ndi "she". M'nkhani ya anthu awiri, mlongo ndi mlongo wake, mwana wa Cinyanja akhoza kuwerenga ndime yonse atasokoneza amene akamba ndi amene amvetsera. Ici si cizindikiro ca umbuli. Ndi cizolowezi ca cilankhulo cimodzi cimene cikumana ndi cizolowezi ca cinzake, ndipo buku lolembedwera ana a m'Zambia liyenera kucichula poyera. Timabuku tathu talembedwa monga ngati wowerenga anabadwira ku London.

Za summary sindikambapo zambiri. Pamfleti ipereka ndime yomalizidwa kale, yosalala, osaonetsa m'mene wolemba anasankhira mfundo ndi kutaya zitsanzo. Ciri ngati kuonetsa munthu nsima yophikaphika ndi kunena kuti waphunzira kuphika.

Ndipo kucokera pa kukonda mayankho opanda zifukwa kufika pa kufuna likeji ndi mtunda waufupi. Mukumbukira kuti mu October 2018 boma linaimitsa mayeso m'dziko lonse cifukwa pepala la Masamu la Giredi 9 linaturuka nthawi isanakwane, ndipo ana osalakwa anavutika pamodzi ndi olakwa. Sindinena kuti wogula pamfleti ndi wakuba ai. Ndingoti njala yake ndi imodzi, njala yofuna yankho popanda kudutsa m'nkhani.

Apa ndiyenera kuloza cala kwa ife a mumpingo, pakuti matendawa tiri nao ifenso. Pa mpikisano wa mavesi, mwana aimirira ndi kunena caputala cathunthu osaphonya liu, ife tiomba m'manja ndi kumupatsa mphoto. Ndani amufunsa kuti mau amenewa atanthauzanji? Pa Macitidwe 8, Filipo anapeza mdindo wa ku Aitiopiya akuwerenga buku la Yesaya m'gareta wake. Munthuyo anali kudziwa kuwerenga, ndipo anali kuwerenga mokweza. Koma cimene Filipo anafuna kudziwa ndi cakuti ngati anali kumvetsa, ndipo mdindoyo anavomera kuti afunika womutsogolera. Pambuyo pake anafunsa ngati mneneriyo anali kukamba za iye mwini kapena za munthu wina. Taonani, limeneli ndi funso lomwe lija lakuti "he" aimira yani! Pa Nehemiya 8 naponso, pamene Ezara anawerenga cilamulo pamaso pa anthu, Alevi anali kutanthauzira kuti anthu amve. Ngati Mau a Mulungu afuna kumvetsa, kuli bwanji nkhani ya pa mayeso?

Tsono ticite ciani? Sindikuuzani kuti mutenthe pamfleti. Ng'ambani tsamba la mayankho mulipereke kwa mnzanu asunge. Werengani nkhani yonse kawiri musanaone funso ndi limodzi lomwe. Pothera pa ndime iriyonse imani, tsekani buku, ndipo nenani m'Cinyanja, m'ciganizo cimodzi, cimene ndimeyo yakamba. Ngati simungathe kuuza ambuye anu kumudzi cimene mwawerenga, ndiye kuti simunamve, ngakhale mutachula liu lirilonse monga wowerenga nkhani pa wailesi. Ena aopa kuti kugwiritsa nchito Cinyanja kuononga Cizungu cao. Ine ndaona zosiyana: pamene mwana ayesa kumasulira, m'pamene malo amene sanamvetse aonekera, pakuti m'Cinyanja sangabisale kumbuyo kwa mau a wolemba. Mukasankha yankho, lozani ndi cala mzere umene ukucitirani umboni, ndipo nenani cifukwa cake mayankho ena atatuwo ali olakwa. Nkhani imodzi yocitidwa motere itenga ola lathunthu, ndipo iposa nkhani khumi zothamangira.

Koma ngakhale zimenezi sizikwanira ngati pamfleti ndiyo yokha imene muwerenga. Timau tija tating'ono sitiphunziridwa pa mndandanda, tizolowereka pokumana nato kambirimbiri m'nkhani imene mtima wanu ufuna kudziwa mathero ake. Funani A Cowrie of Hope ya Binwell Sinyangwe, ya mu 2000, nkhani ya mai wamasiye Nasula amene apita ku Lusaka ndi thumba la nyemba kuti apeze ndalama za sukulu ya mwana wake wamkazi. Ndi buku lalifupi, Cizungu cake n'cosavuta, ndipo simudzafuna wina wokuuzani cimene ciri pa mtima wa maiyo. Wolemba yemweyo analembanso Quills of Desire mu 1993. Pali The Tongue of the Dumb ya Dominic Mulaisho ya mu 1971, ndi Things Fall Apart ya Chinua Achebe ya mu 1958, imene ambiri aiopa cifukwa aiona ngati ya ana a Literature okha. Amene alibe mabuku amenewa, Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail yakale imene amai anakulungira tomato iri ndi ndime zokwanira. Ndipo m'nyumba zambiri za Akristu muli cida cimene sitikuciona: ikani Buku Lopatulika pambali pa Good News Bible, werengani nkhani ya Yosefe kapena ya Rute m'Cizungu coyamba, nenani cimene mwamva, ndipo pambuyo pake muone m'Cinyanja ngati munalondola.

Kwa aphunzitsi amene alemba timapamfleti timeneti, ngati magaziniyi ifika m'manja mwanu, pempho langa ndi laling'ono. Cepetsani mapepala akale akhale anai m'malo mwa khumi, ndipo masamba otsalawo muwagwiritse nchito kufotokoza yankho lirilonse, ngakhale ndi mizere iwiri. Lembani dzina lanu pacikuto kuti tikapeza colakwa tidziwe wofunsa. Ndipo musacite manyazi kuikamo Cinyanja, Cibemba kapena Citonga pofotokoza pamene Cizungu cisiyana ndi cilankhulo ca mwana.

Mtsikana uja akali kubwera Loweruka. Pa nkhani yatsopano imene ndinamupatsa osaonetsa mayankho anapeza zocepa kuposa kale, ndipo anakwiya nane pang'ono. Koma pa funso lina anatsutsa yankho la m'pamfleti, naloza mzere wacitatu wa ndime yaciwiri. Tinawerenga tonse pamodzi kawiri, ndipo wolondola anali iye.