Nthawi Yam'tsogolo m'Ziyankhulo za ku Ulaya: Ndemanga pa Ganizo la Chen

M'chaka cha 2013 Keith Chen adalemba kuti oyankhula Chijeremani, amene amatha kunena za mawa ndi mneni wa nthawi yatsopano, amasunga ndalama kuposa oyankhula Chingerezi kapena Chifalansa. Ife tikukayika.

Nthawi yam'tsogolo m'ziyankhulozi siili ndi gwero limodzi: will wa Chingerezi adachokera ku "kufuna", werden wa Chijeremani ndi "kusanduka", pamene chanterai wa Chifalansa adachokera ku cantare habeo wa Chilatini, "ndiyenera kuyimba". Komanso mawu otanthauza tsogolo, Zukunft m'Chijeremani ndi avenir m'Chifalansa, onse akunena "chakudza", chonsecho Chen adaika ziyankhulo ziwirizi m'magulu osiyana.

Kafukufuku wa 2015, momwe Chen mwiniwake adalimo, adapeza kuti umboni wake umafooka tikaganizira ubale wa ziyankhulo. Choncho okonza ndondomeko za ziyankhulo asamange mfundo pa maziko otere.