Yobu Sanauzidwe Chifukwa

Buku la Yobu lili ndi mitu 42, koma alaliki ambiri amangotolako mitu iwiri yoyamba ndi womaliza. Akatero amatipatsa kanthano ka munthu wopirira amene anabwezeredwa chuma chake kawiri. Ndakatulo yaitali imene ili pakati amaidumpha, chonsecho mtima wa bukuli uli pomwepo.

Taonani m'mene mlembi anayalira nkhani yake. M'mitu 1 ndi 2 ife owerenga tikuloledwa kumva zimene Mulungu akukambirana ndi Satana. Yobu sakuzimva. Ana ake khumi amwalira tsiku limodzi, ziweto zapita, thupi ladzala zilonda, ndipo mpaka buku kutha palibe womuuza chifukwa chake.

Abwenzi ake, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, akhala naye pansi masiku 7 osalankhula, ndipo apa achita bwino. Kuononga kwayamba atatsekula pakamwa. Mfundo yawo ndi imodzi: Mulungu ndi wolungama, choncho wovutika ayenera kuti anachimwa. Ife tikudziwa kuti sizili choncho. Anthuwa akutseka ndi chiphunzitso pamalo pamene maso awo sakufika. M'mutu 42 Mulungu akukwiyira iwowo, wolankhula zoona n'kukhala Yobu wodandaula uja.

Poyankha m'kamvulumvulu, m'mitu 38 mpaka 41, Mulungu safotokoza kanthu. Akungofunsa Yobu za maziko a dziko, za nthiwatiwa, za mvuu ndi ng'ona. Ena amati uku ndi kuzemba funso. Ine ndikuti mlembi anadziwa chimene ankachita, pakuti ngakhale ife amene tinamva zakumwamba sitikhutira nazo. Kodi kuyesa munthu mmodzi ndi chifukwa chokwanira cha maliro khumi? Tinaona zambiri kuposa Yobu, komabe tangokhala kakasi ngati iye. Tsono vuto si kuchepa kwa zimene tauzidwa. Mutu wa munthu ndiwo wachepa.

Pofooka bukuli ndi kumapeto. Nkhosa 7,000 zasanduka 14,000, ndipo kwabadwa ana ena khumi. Mayi aliyense amene anaikapo mwana m'manda akudziwa kuti mwana sabwezedwa ngati nkhosa.

Chikhulupiriro cha Yobu ndi cha munthu amene akupitiriza kulankhula ndi Mulungu asanalandire yankho. Mlaliki woimirira pamaliro kuti alongosolere anamfedwa chifukwa chake ayambe wadzifunsa ngati sakulankhula ndi pakamwa pa Elifazi.