Thabwa la Pakati pa Denga

Mmisiri wokhoma madenga ku Migowi kapena ku Chiringa amadziwa masamu amene amazunguza ana a sekondale pa mayeso a MSCE. Akapinda chingwe pawiri kuti apeze pakati pa mtanda wogona, n'kuimikapo thabwa lofika pansonga, thabwa limodzilo lagawa mtanda pakati, laima chilili, lagawanso ngodya yapamwamba mofanana. Zitatuzi zimagwera pamzere umodzi pokhapokha mapaso awiri a dengalo akhale ofanana kutalika. Phaso limodzi likatalika, mizereyo imasiyana ndipo denga limapendekera. Ena amati n'chizolowezi chabe. Komatu chizolowezicho chikanakhala cholakwika sichikanapirira mphepo yotsika m'phiri la Michesi. Matabwa atatu olumikizana nsonga sagwedera ngati anayi, ndipo mmisiriyo amayesanso ndi chingwe chomwecho asanakhome malata.