Wiza ndi Khomo Lotseka: Kuwerenganso Quills of Desire

M'makalasi ambiri, kaya ku Makeni kaya ku Chelstone, buku la Binwell Sinyangwe lotchedwa Quills of Desire (1993) limaphunzitsidwa ngati nthano yochenjeza ana: Wiza adali wanzeru, koma liuma lidamuchotsetsa sukulu ndi kumufikitsa podzipha. Ife tiona kuti kawerengedwe kotere kamalipeputsa bukuli.

Mwina wina angafanizire Wiza ndi Holden Caulfield wa m'buku la J.D. Salinger, The Catcher in the Rye (1951), popeza onse awiri adachotsedwa sukulu nayamba kuyendayenda mumzinda waukulu. Kufananako kumathera pomwepo. Holden amanyansidwa ndi chinyengo cha akuluakulu ndipo safuna kulowa m'moyo wawo, komabe ali ndi makolo opeza bwino ku New York. Wiza sakana moyowo ayi. Amaulakalaka, amafuna maphunziro onga a mkulu wake Kocha, koma pofika mu Lusaka khomo lililonse amalipeza lotseka. Kukhumudwa kwake ndi kwa mwana amene adakhulupirira lonjezo la sukulu ndi mtima wonse.

Buku loyenera kuliika pambali pake ndi Nthondo (1933) la Samuel Josia Ntara. Nayenso Nthondo ndi mnyamata wopulukira amene amachoka pamudzi, koma pobwerera mudzi umamulandira, ndipo amadzakhala mfumu ndiponso Mkhristu. Ntara adali ndi kwawo kobwezerako mwana wosokera. Patapita zaka 60, Sinyangwe alibe: kwa Wiza kubwerera kumudzi ndiko kugonja, ndipo ukwati umene atate ake Chambuleni amamukonzera umangotsimikiza kuti maloto aja atha. Tisaiwalenso kuti bukuli lidatuluka patangopita chaka boma la Frederick Chiluba litakhazikitsa lamulo la 1992 logulitsa makampani a boma, pamene satifiketi idayamba kuchepa mphamvu.

Kwa ife ophunzitsa Chinyanja pali vuto linanso: kodi chimene chimamudya Wiza tichitchule chiyani? Kusungulumwa sikukwanira, pakuti abale ali nawo. Kusalidwa kumafuna wosala wodziwika, pamene mumzinda muja palibe amene amamuda. Kungoti palibe womuona. Mwina mawu oyandikirapo ndi amene akuluakulu amanena za mwana wongoyendayenda, akuti wasowa pogwira.